Mmisiri Amene Anakana Misomali Yaifupi

Panali munthu wina, mmisiri womanga nyumba. Dzina lake tilisiye. Ndikalitchula ena a inu muyamba kufufuza abale ake, ndipo ine lero mphamvu zokangana ndi munthu ndilibe. Takhala pano kuyambira m'mawa, msana wanga wauma. Ingomvani.

Munthuyu anagwira njerwa zaka makumi anayi. Nyumba zake sizinkang'aluka, ndipo chimene ankadziwika nacho kwambiri chinali kukumba. Mwini nyumba akati, "Apa pakwana," iye ankatsikira yekha m'ngalande ya maziko n'kuima chilili. Dothi likamulekeza m'chiuno, m'pamene ankalola kuti simenti ithiridwe. Aganyu ankamuda nazo, koma iye analibe nazo ntchito. Mawu ake anali omwewo chaka ndi chaka: "Chachifupi sichisenza denga."

Nyumba za eni anazisamala, koma m'kamwa mwake sanasamalemo. Mano a zitsakano akumunsi anayamba kubooka akadali wamphamvu. Lina likawawa, kukazula. Linanso likawawa, kukazula. Mukudziwa mmene timachitira, dzino timalikumbukira likatitupitsa tsaya. Pofika mu ukalamba kumunsi kunangotsala mano akutsogolo okha. Anamupangira oikirira, aja ovala ndi kuvula. Poyamba ankagwira bwino, koma m'kupita kwa zaka anayamba kugwedera. Fupa la nsagwada likakhala nthawi yaitali lopanda dzino limaphwa, limatsika pang'onopang'ono ngati mzere wa chaka chatha umene mvula yaukokolola. Manowo anasowa pokhala.

Mmisiriyu anali ndi mlongo wake mmodzi, Nangozo, mayi wamasiye wa ana aakazi awiri. Mwa onse a bere limodzi anatsala awiriwa basi. Tsono kwathu kuno mwana wa mlongo wako akamakwatiwa, woimirira ndiwe malume. Pa chinkhoswe amabweretsa nkhuku yootcha, nkhoswe wakuchimuna agwira mwendo uwu, wakuchikazi agwira uwo, aing'amba, aliyense n'kudya gawo lake anthu onse akuona. Amene wadya nkhuku ndiye amadzagogoderedwa banja likadzavuta. Sungatume munthu kuti akakutafunire.

Mwana wamkulu wa Nangozo atapeza banja, mmisiri anaimirira. Anavala jekete, anatsuka mano ake aja ndi sopo, anawavala. Nkhuku inali yachikuda, tambala wokalamba, wouma ngati chikopa. Anaing'amba ndi mnzake wakuchimuna. Analuma ntchafu. Atakoka, ntchafu inachoka ndi mano omwe.

Kenako mayi wina wakuchimuna anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo bwalo lonse linaphulika. Woyendetsa mwambo, pofuna kupeputsa nkhani, anati, "Lero nkhuku ndi imene yadya nkhoswe." Anthu anagubuduka ndi phwete. Sanali anthu ankhanza, ayi. Pakutha kwa sabata anali ataiwala, akukamba za mtengo wa feteleza. Iye yekha ndiye sanaiwale. Anabwerera kunyumba mano ali m'thumba la jekete, ndipo analumbira kuti sadzaimanso pamaso pa anthu ndi mano obwereka.

Zinapita zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana wachiwiri wa Nangozo, Mwandida, naye anapeza mwamuna. Apa n'kuti Nangozo akudwala mtima. Miyendo inkatupa, akayenda kuchoka pakhonde kufika pankhokwe ankaima kawiri kuti apume. Anaitanitsa mchimwene wake mu Febuluwale, namuuza kuti akuchimuna akufuna chinkhoswe tikakolola, mu Julayi. Anati, "Achimwene, uyu ndi womaliza. Ndikaona mwamupereka, ndidzagona tulo."

Mmisiri anali ndi mwana wake wamwamuna wogwira ntchito m'tauni. Ameneyu atamva, anati, "Bambo, bwerani kuno, zimenezi ndisamala ine." Anapita nawo kuchipatala china cha mano. Kumeneko amakhoma kachitsulo m'fupa la nsagwada, konga msomali wamazinga. Fupa likakagwira amamangirirapo dzino, ndipo dzino lotero silivuka, siligwedera. Dokotala wake anali mayi wachitsikana ndithu, woyankhula motsitsa. Anamujambula m'kamwa, n'kumuonetsa chithunzi cha mafupa ake.

Dokotalayo anati, "Bambo, onani apa. Choyerachi ndi fupa lanu. Latsika kwambiri. Pansi pakepa pakudutsa mtsempha wopita kumlomo. Tikaugunda, mlomo udzachita dzanzi mwina moyo wanu wonse. Ndiye mmene fupali lililimu, msomali wautali sungalowe."

Mmisiri anafunsa kuti nanga atani.

"Njira zilipo ziwiri," anatero dokotala. "Yoyamba, tiike misomali yaifupi m'fupa lomwe mwatsala naloli. Ndi lochepa, koma n'lolimba. Tikaika mwezi uno wa Malichi, pofika Juni mudzakhala mukukukuta chimanga chootcha. Yachiwiri, tiwonjezere fupa. Tidzasema kafupa m'chiuno mwanu, n'kukamatika pansagwada, n'kudikira miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira kuti zigwirane. Zikagwirana m'pamene tidzaike misomali yaitali, n'kudikiranso. Mabala adzakhala awiri, ululu wambiri, ndipo nthawi zina fupa lomatikalo limakana. Alipo anthu amene fupa lawo latheratu, amenewo sitichitira mwina, timawonjezera. Inu simuli m'gulu limenelo. Mukanakhala bambo anga ndikanati tengani yaifupi."

"Waufupiwo ndi wotalika bwanji?"

Dokotala anatukula chala chake chakaniche, n'kuloza chikhadabo. Mmisiri anaseka, kuseka kwa munthu wamkulu amene mwana wamuonetsa nyumba yadothi yoseweretsa.

"Adokotala, ine ndamanga nyumba inu musanabadwe. Chachifupi sichisenza denga."

Mayi uja sanakwiye. Anafunsa, "Bambo, mukakumba n'kupeza thanthwe, mumakumba mpaka pati?"

"Pathanthwe sitikumba," anayankha mmisiri asanaganize n'komwe. "Kukumba n'kwa m'makande. Pathanthwe umangosesa, n'kugoba pang'ono, n'kuyamba kuyala njerwa."

"Ndiye fupa lanu latsalali ndi thanthwe."

Tsono mvetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munthuyu anadziwa kuti dokotala wanena zoona. Iye mwini anamangapo nyumba zitatu m'mbali mwa phiri, maziko osafika n'komwe m'bondo, ndipo zilipo mpaka lero. Koma kugonja pa nkhani ya maziko, kugonjera mwana wamkazi amene sanagwirepo chipande chomangira nyumba, pamaso pa mwana wake womubereka yekha, kunamukanika. Ndipo phwete la pa chinkhoswe chija linali likadali m'makutu mwake. Ankafuna chinthu chimene palibe nkhuku padziko lapansi ingachizule. Anatenga chipewa chake, nati, "Wonjezerani fupa."

Dokotala anamuwerengera miyezi pa zala, namuuza kuti Julayi sadzakhala ali ndi mano. Iye anati Julayi angathe kusuntha.

Anapita kwa mlongo wake. Anamupeza pakhonde, miyendo ataisanjika pamtondo wogonekedwa. Anafotokoza zonse, za fupa, za m'chiuno, za miyezi. Nangozo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Achimwene, nkhuku tidzaiwiritsa kaye mpaka ifewe, tidzangoiwaula pamoto kuti ioneke yootcha. Inu mudzatsine kachiwindi. Ndani adzawerenge kuti mwatafuna kangati?"

"Anthu adzati nkhoswe wa kwa Ngozo amadya za makanda."

"Nanga aimirire msuweni wathu uja wa kutsidya?"

"Ine ndili moyo, wina akadye nkhuku ya mwana wa mlongo wanga? Ndiye mungondiika m'manda."

Nangozo anapuma kaye, chifukwa kuyankhula kunkamutopetsa. Ndiye anati, "Ine sindikufuna mano anu, achimwene. Ndikufuna inuyo muimirire ine ndikuona. Mtimawu sukundilonjeza kanthu."

"Usayankhule zamalodza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Disembala si kutali."

Nangozo anayang'ana miyendo yake. "Chabwino," anatero. "Inu ndinu aakulu."

Mawu amenewa, abale anga, atha anthu ambiri. Inu ndinu aakulu. Wamkulu akalakwa palibe womukoka jekete. Uthenga unapita kuchimuna kuti chinkhoswe chasunthira mu Disembala, ndipo akuchimuna anang'ung'udza koma analola.

Mu Epulo anamuchita opaleshoni. Anasema fupa m'chiuno, analimatika mbali zonse ziwiri za nsagwada, kumanja ndi kumanzere. Munthu amene ankakwera makwerero ali ndi ndowa ya matope paphewa anayamba kuyendera ndodo. Nkhope inatupa, masabata angapo ankangomwa phala ndi msuzi. Sanadandaule, poti walira mvula walira matope. Anthu akabwera kudzamuzonda ankawauza kuti akumanga maziko, ndipo simenti sifulumizidwa.

Julayi anafika, anadutsa. Anthu anakolola, midzi ina inavina maukwati. Kwa Nangozo kunali zii.

Mu Ogasiti mbali yakumanja inali ikugwira bwino, koma yakumanzere inatseguka. Munayamba kutuluka mafinya, m'kamwa munanunkha. Dokotala anachotsamo kafupa komatika kaja, kali kakufa. Mmisiri anati asemenso lina. Apa mayi uja anakana. Anati, "Bambo, pa msinkhu wanuwu sindikudulaninso kachiwiri. Kumanzereku ndi misomali yaifupi, apo ayi mukhala opanda mano. Fupa lanu lakale lija likadalipo, silinapite kulikonse." Mmisiri analola mokakamizika, nati mbali imeneyo idzangokhala yothandizira, ntchito yeniyeni idzagwiridwa ndi kumanja. Koma bala linafunika lipole kaye. Misomali yonse, yaitali kumanja ndi yaifupi kumanzere, inasunthira mu Novembala, ndipo mano enieniwo chaka chinacho.

Uthenga wachiwiri unapita kuchimuna kuti Disembala sizitheka, adikire mvula ithe. Mnyamata wokwatirayo anali woleza mtima, ndimupatse ulemu wake. Ena akanapita kwina.

Mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, Nangozo anatuma Mwandida kwa malume ake ndi mawu ochepa. Mtsikanayo anagwada pakhomo nati, "Amalume, amayi akuti ndikuuzeni kuti zitenje za chinkhoswe zimene anagula zayamba kudyedwa ndi njenjete." Mmisiri anamva. Musaganize kuti sanamve chimene mlongo wake ankatanthauza. Anayankha kuti aikemo mankhwala m'sutikesimo, zatsala pang'ono.

Atamukhoma misomali mu Novembala anapita kukaona mlongo wake, nkhama zikadali ndi ulusi. Anamupeza atagona pamphasa m'nyumba, pakhonde paja sankafikanso. Nangozo atamuona anamwetulira, chifukwa anali munthu wanthabwala kuyambira ali mwana.

"Simenti yauma, achimwene?"

"Yatsala pang'ono."

"Iume msanga," anatero, n'kutseka maso.

Anamwalira sabata yoyamba ya Disembala, tsiku limene mvula yodzalira inagwa. Imfa ilibe odi. Mmisiri ndiye anali mwini maliro. Kumanda anasuzumira m'dzenje limene adzukulu anakumba. Linali lakuya bwino, makona ake owongoka. Analibe chodzudzula.

Mano anamuika mu Malichi. Anali okongola, olimba, osagwedera ngakhale pang'ono. Anayamba ndi nthochi, kenako mbatata, kenako mtedza wokazinga, kenako nzimbe. Zonse zinkatheka. Chinkhoswe chinachitika mu Ogasiti, chisoni cha maliro chitapepukako. Amayi akuchikazi anavala zitenje zimene Nangozo anagula, zina zili ndi timabowo ta njenjete. Pamphasa yakutsogolo, pamalo pokhala mayi wa mkwatibwi, anakhalapo mlamu wina wakutali amene anachita kumupempha.

Nkhuku inabwera. Inali yachikuda, yolimba kuposa yoyamba ija, ndipo ena amati mmisiri anachita kulamula yekha kuti isawiritsidwe. Anagwira mwendo, wakuchimuna anagwira unzake, anaing'amba. Amene analipo pa chinkhoswe choyamba anaponyerana maso. Analuma ntchafu, anakoka, mnofu unachoka, mano anatsala m'kamwa. Nthungululu zinalira. Woyendetsa mwambo anati, "Lero nkhuku yagonja." Anthu anaomba m'manja.

Anayamba kutafuna. Akutafuna choncho anazindikira chinthu chimene chinkachitika miyezi yonseyi iye osachilabadira. Lilime linali litakankhira nyama kumanzere. Linkatero tsiku lililonse, chifukwa kumanja, kumene anamatikako fupa, kunkamvekabe kwachilendo. Nthochi ija, mtedza uja, nzimbe ija, zonse anatafunira kumanzere. Nkhuku imene anaidikira chaka ndi theka ankaiphwanya ndi misomali yaifupi, yomwe ija yonga chikhadabo, imene ikanalowa mu Malichi wa chaka chatha n'kukhala itagwira pofika Juni.

Anayang'ana pamphasa yakutsogolo. Anaona mlamu uja akuomba m'manja.

Nyama inakana kutsika. Anatafuna, natafuna, mpaka inasanduka phala m'kamwa. Mnzake wakuchimuna anali atameza kale, akupukuta manja. Anthu anadikira, poti mwambo sutha nkhoswe asanameze. Pomaliza anameza, misozi ikutsikira m'jekete. Ena anaganiza kuti ndi tsabola.

Mwambo utatha, anthu akudya, Mwandida anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wake. Analibe mangawa mumtima mwana uja, ankangopereka zimene anatumidwa. Anati, "Amalume, amayi anandisiyira mawu. Anati, amalume ako akadzaluma nkhukuyo mano osachoka, udzawauze kuti ndawaombera m'manja." Atatero anaomba m'manja katatu, mofatsa, monga mmene mayi ake ankachitira, n'kudzuka kubwerera kwa mwamuna wake.

Mmisiri anakhala zaka zina zingapo ndi mano ake abwinowo, ndipo sanazuke ngakhale limodzi. Koma nyama ya nkhuku sanaidyenso, ndipo mawu aja akuti chachifupi sichisenza denga palibe anamumvanso akuwanena.

Fanizo lathera pamenepo. Tsono ndikuuzeni chimene ndalinenera, ngakhale ndikudziwa kuti ena muvomereza ndi mutu lero, mawa n'kuiwala. Sindikunena kuti kukumba n'kulakwa. M'makande kumbani, ndipo amene fupa lamutheratu awonjezere, palibe manyazi. Ndikunena za inu amene muli pathanthwe koma mukukakamirabe khasu, chifukwa tsiku lina anthu anakusekani.

Alipo pano amene sanapondeko kwawo zaka zinayi. Akuti adzapita akadzamaliza nyumba, kuti asakafike ngati wolephera. Alipo amene sayankhulana ndi m'bale wake, akuti akudikira mtima upoleretu kuti akadzapepesa zidzakhale zenizeni. Alipo amene anasiya kubwera m'gulu lino, akuti adzabwerera akadzakonza moyo wake wonse. Ine ndakhala nkhoswe wa mabanja ambiri, ndamva mawu amenewa mpaka makutu atopa. Ndaperekezanso ambiri mwa amene ankawadikirawo kumanda.

Chimene chinakokoloka chinakokoloka. Chatsalacho n'chochepa, inde, koma n'chimene muli nacho, ndipo mwina n'cholimba kuposa mmene mukuganizira. Khomanipo msomali waufupi. Amene akukudikiraniyo sakufuna mano anu.

Ngati muli ndi mlongo amene miyendo yayamba kumutupa, basi yakumudzi imanyamuka sikisi koloko m'mawa. Wina andipatse ndodo yangayo, ndidzuke.